Mpando wa Mwana ku Msika wa Al Aweer

Dotolo wa mano Basel Haddadin anabwera Lachiwiri masana,
dzuwa la Dubai likufewetsa phula panja,
mpando wa mwana ataukoleka pamkono ngati dengu.
Anati, Fawzi, ndakwanitsa zaka makumi asanu.
Ndikufuna galimoto yoti anthu akaiona aleke kutafuna.

Ndinayamba naye pa yachikasu ija, Lamborghini,
yogona chafufumimba pakona ngati buluzi.
Chitseko chinakwera kumwamba.
Anapinda bondo, anapinda khosi,
anapinda ulemu wake wonse, n'kulowa.
Nkhani inali potuluka:
anyamata awiri otsuka magalimoto
anachita kumuzula ngati dzino la kumapeto.

Kunkatentha kwambiri moti bodza likanasungunuka,
choncho ndinamuuza zoona.
Iyi imaopa hampu kuposa wapolisi.
Potsikira kumalo oimika magalimoto pansi pa nyumba yanu
izikanda chibwano m'mawa uliwonse,
koma ululu muziumva ndinu.
Kubuti kumalowa chikwama chimodzi
ndi buledi, ngati ali wowonda.

Yofiira ija, Ferrari, sinafune thandizo langa.
Kavalo wa pamphumi pake anadziyankhulira yekha.
Mlonda wa pahotela akangomuona amathamanga,
n'kuchotsa magalimoto a anthu ena
kuti inu muime pakhomo penipeni.
Dotolo anasisita chiwongolero, maso ali ngwee.
Ndinati, mwini wake woyamba, Bambo Obaid a ku Jumeirah,
anayenda nayo makilomita zikwi zinayi m'zaka zitatu.
Ankaiyezera mtunda ngati mankhwala a khanda,
poopa kuti nambala ikakwera mtengo utsika.
Kuntchito ankapita pa galimoto ya akazi awo.
Sindidziwa kuti pa awiriwo ankasunga mnzake ndani.

Anandifunsa za mtengo wa mawa.
Onse amafunsa chapansipansi, ngati za matenda.
Ndinati, magalimoto awa amayamba kuonda
tsiku lomwe atuluka m'sitolo.
Tayala likangoponda msewu
ndalama ya lendi ya chaka chonse yauluka,
fungo la chikopa chatsopano lisanathe n'komwe.
Ena amaonda pang'onopang'ono, dzina limawachirikiza,
ena amagwa ngati munthu woterereka m'bafa.
Ine ndimadyera pamenepo, dotolo.
Ana anga atatu aphunzira ndi ndalama
zomwe anthu olemera anataya
pakati pa chaka choyamba ndi chachitatu.

Kumbuyo, pafupi ndi firiji ya madzi,
kunali Porsche yotuwa, yopanda zoyankhulayankhula.
Analowa osapempha chikhululukiro kwa bondo.
Anakankhira mpando wa mwana kumbuyo,
lamba anati kete.
Ndinati, iyi mupita nayo kusukulu, kuchipatala, ku Sharjah kwa apongozi,
ndipo mukadzatopa nayo simudzalira kwambiri.
Anayang'ana panja nthawi yaitali.
Anati, zoterezi mumzinda muno zili ngati nkhunda.
Ndani adzacheuke?

Ndinamuthirira tiyi wa karak.
Zaka makumi awiri ndi ziwiri pamsika uno
zandiphunzitsa kuti funso limenelo
silifuna yankho langa.

Anasaina ya yofiira dzuwa litapendeka.
Injini inabangula, mphaka wa kwa Iqbal anathawira pansi pa lole,
anyamata otsuka aja anasiyadi kutafuna.
Pa hampu ya pageti anadutsa chammbali,
pang'onopang'ono, ngati wanyamula mazira.

Ndinatsegula kope langa la buluu
n'kulemba: Haddadin, miyezi khumi ndi isanu ndi itatu,
ndi mtengo womwe ndidzamupatse akadzabwerera.
Sindilakwitsa kawirikawiri.

Mpando wa mwana anauiwala m'yotuwa muja.
Uli muofesi mwanga pambali pa sefa,
zinyenyeswa za bisiketi zikadali m'mphako zake.
Mkazi wake waimba kale kawiri.